Thandizo la odwala okhaokha m'mabanja a Alatino ku America: musankhe njira iti?

Mng'ono wanga anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Michoacán, m'dziko la Mexico, ndipo ukwati umenewo ndi umene unandilowetsa m'nkhani iyi. Mlamu wangayo ali ndi mng'ono wake amene madokotala anamupeza ndi schizophrenia, matenda aakulu a m'maganizo, ali ndi zaka 23. Tsiku limene mnyamatayo ankatuluka m'chipatala kachiwiri, anatipatsa envelopu yodzaza timapepala, pafupifupi tonse totchula peer support, kutanthauza thandizo lochokera kwa munthu amene nayenso anadwalapo matenda a m'maganizo koma tsopano anapeza poponda. Panalibe wotiuza kuti pansi pa dzina limodzilo pali zinthu zosiyana kutalitali. China n'chaulere, china chimafuna inshuwalansi, china chimafuna kuti munthu azidzuka m'mawa n'kukwera basi. Tinaphunzira mopunthwapunthwa kwa zaka zitatu.

Ndikulembera makamaka anzanga amene tili kuno ku America. Ambirife timagwira ntchito zosamalira odwala ndi okalamba limodzi ndi anthu ochokera ku Mexico, Guatemala, Honduras ndi Puerto Rico, ndipo ena tinakwatirana nawo. Alatino, kutanthauza anthu ochokera ku Latin America ndi mbadwa zawo, anali atapitirira 65 miliyoni ku America mu 2023. Tsiku lina mnzanu wa kuntchito adzakuitanirani pambali n'kukufunsani kuti mwana wake apite kuti.

Zoyamba kuyang'ana

Choyamba ndi chilankhulo, ndipo musanyengedwe ndi kapepala kolembedwa m'Chisipanishi. Funsani kuti amene adzakhale pamaso pa wodwalayo amalankhula chiyani. Kumbukiraninso kuti si Mlatino aliyense amene chilankhulo chake ndi Chisipanishi. Ena ochokera ku Oaxaca amalankhula Mixteco kapena Zapoteco, ena a ku Guatemala amalankhula K'iche' kapena Mam, pamene achinyamata obadwira konkuno nthawi zambiri amamasuka m'Chingelezi. Kwathu mnyamatayo amafotokoza za mawu amene amawamva m'mutu m'Chingelezi, koma amayi ake samva Chingelezi olo pang'ono. Ulendo wina kuchipatala china anasiya kamdzukulu ka zaka 12 kakumasulira nkhani yoti amalume ake ankafuna kudzipha. Mpaka lero zimandiwawa. Chipatala chilichonse cholandira ndalama za boma lalikulu chimayenera kupereka womasulira kwaulere, ndipo banja lili ndi ufulu wokana kuti mwana amasulire.

Chachiwiri ndi mapepala. M'nyumba imodzi mumatha kukhala nzika, wina wa green card (chiphaso chokhalira m'dzikoli mokhazikika), ndi wina wopanda chilichonse. Inshuwalansi ya boma ya anthu osauka, Medicaid, siilandira opanda mapepala kupatula pa ngozi yadzidzidzi, ndipo kuyambira pa lamulo la mu 1996 ambiri a green card amadikira zaka 5. Chigawo cha California chinatsegula Medi-Cal, imene ndi Medicaid ya kumeneko, kwa osauka onse posayang'ana mapepala mu January 2024, kenaka chinaimitsa kulembetsa akuluakulu atsopano opanda mapepala kuyambira January 2026. Ku Texas ndi ku Florida, komwe kuli Alatino ochuluka zedi, sanakulitse n'komwe Medicaid kuti ifikire akuluakulu osauka ambiri. Anthu a ku Puerto Rico ndi nzika za America, choncho vuto ili siliwakhudza.

Chachitatu ndi banja. Ndinakhalapo m'khitchini mwa apongozi a mng'ono wanga, iwo akutembenuza ma tortilla pachiwaya, kabokosi ka mankhwala a mwana wawo kali pashelefu pafupi ndi kandulo ndi chithunzi cha Maria wa ku Guadalupe. Anandiyang'ana n'kunena, mng'ono wanga akumasulira, kuti: "Mwana wanga si loco ayi, ndi nervios basi." Ndinati, "Mayi, ndakumvani, kwathunso mawu oti wamisala amapha munthu akadali moyo." Loco ndi wamisala m'Chisipanishi, pamene mawu oti nervios, kutanthauza kusakhazikika kwa mtima ndi nkhawa, amasunga ulemu wa banja, ndipo si mawu wamba. Buku la madokotala a matendawa lotchedwa DSM-5, la mu 2013, limatchula nervios, susto ndi ataque de nervios pamndandanda womwewo umene uli ndi kufungisisa kwa anzathu a Chishona, kumene ife timati kuganiza kwambiri. M'mabanja oterewa wodwala sapita kulikonse amayi ake asanavomereze mumtima. Pulogalamu imene imatsekera banja kunja imatha msanga.

Chachinayi, dziwani zimene thandizoli lingathe ndi zimene silingathe. Mu 2014 gulu lotsogozedwa ndi Brynmor Lloyd-Evans ku University College London linasonkhanitsa kafukufuku amene analipo ndipo linapeza kuti umboni woti thandizo la odwala okhaokha limachepetsa kugonekedwa m'chipatala kapena zizindikiro za matenda unali wochepa. Phindu linkaonekako pa chiyembekezo ndi pa kudzimva kuti moyo ndi wako. Zimenezi si zazing'ono kwa munthu amene wakhala m'chipinda chaka chonse makatani ali chitsekere. Koma mankhwala ndi dokotala zikhalepobe.

Njira yoyamba: magulu ndi makalasi a NAMI

NAMI ndi bungwe lothandiza odwala matenda a m'maganizo ndi mabanja awo, limene linayambika mu 1979 ku Madison, Wisconsin, ndipo lili ndi nthambi zoposa 600. Odwala ali ndi gulu lokambirana la NAMI Conexión, limene limakumana kwa mphindi 90, komanso kalasi ya magawo 8 yotchedwa De Persona a Persona. Achibale ali ndi kalasi yawo, De Familia a Familia, ya magawo 8 nayonso. Otsogolera onse ndi anthu amene anadutsamo: odwala amatsogolera odwala, achibale amatsogolera achibale.

Mtengo. Palibe. Safunsa inshuwalansi, ndipo pagulu lokambirana sufunika kubwera ndi kalata ya dokotala. Kwa banja lopanda mapepala, khomo ili ndi lotakasuka kuposa ena onse.

Kupezeka kwake. Apa m'pamene pali vuto. Mayina a Chisipanishi alipo m'dziko lonse, koma gulu lenilenilo limakhalapo pokhapokha nthambi ya kwanuko ili ndi munthu wophunzitsidwa wolankhula Chisipanishi. M'mizinda ya Alatino ambiri mwayi ndi waukulu. M'matauni aang'ono a mafakitale a nyama ndi minda, komwe anthuwa amagwira ntchito zolemetsa kwambiri, mukhoza kusowa. Magulu ambiri masiku ano amakumananso pa Zoom, ndipo nthambi zina zimalola munthu wa kutali kulowa. Imbani foni mufunse tsiku la msonkhano wotsatira, musadalire zolembedwa pa intaneti zokha.

Zofunika kuti zipitirire. Gulu lokambirana ungajombe n'kubwereranso, palibe wokufunsa. Kalasi imafuna masabata 8 osadumphadumpha, zimene n'zovuta kwa mayi wogwira ntchito ziwiri. Otsogolera ndi ongodzipereka, ndiye mmodzi akatopa, akasamuka kapena akadwalanso, gulu limatha kuima.

Zoopsa zake. Chinsinsi cha m'gulu chimadalira lonjezo la anthu ake. Lamulo loteteza mbiri ya odwala, HIPAA, limagwira zipatala, osati mnzako wokhala pampando winawo. M'dera laling'ono, wokhala pampandowo akhoza kukhala wa kutchalitchi kwanu, ndipo mantha oti anthu adzati chiyani, amene iwo amati el qué dirán, ndi okwanira kubweza munthu pakhomo. Chinanso, munthu amene mawu a m'mutu akumusautsa kwambiri sakwanitsa kukhala mphindi 90 akumvera mavuto a ena. Mnyamata wathu anapita kawiri n'kusiya.

Komabe ine ndimati kalasi ya achibale ndi chinthu chamtengo wapatali pa zonse zili m'nkhani ino. Anaiyambitsa ndi Joyce Burland ku Vermont mu 1991, ndipo kafukufuku wa Lisa Dixon ndi anzake ku Maryland, wofalitsidwa mu 2011, anasonyeza kuti achibale ophunzira kalasiyi ankapirira bwino ndi kudziwa chochita. Amayi aja atamva mayi mnzawo akufotokoza m'Chisipanishi za mwana wake wogona mpaka masana, analira, ndipo kuyambira sabata imeneyo anasiya kumunena mwana wawo kuti ndi waulesi.

Njira yachiwiri: mnzako wolembedwa ntchito kuchipatala

Uyu amatchedwa peer specialist. Ndi munthu amene anadwalapo, anaphunzira, analandira satifiketi ya chigawo chake, ndipo amalipidwa. Georgia ndi chigawo choyamba chimene chinayamba kulipira ntchitoyi kudzera mu Medicaid, ndipo mu 2007 boma lalikulu linalembera zigawo zonse kuti zingathe kuchita chimodzimodzi. California inachedwa: lamulo lake linasainidwa mu 2020, ndipo maphunziro ake ndi a maola 80.

Ena mwa anthuwa amagwira ntchito yoperekeza, imene amati navigator. Amakumbutsa tsiku la dokotala, amakwera nawe basi, amakhala nawe pamzere, ndipo amakuthandiza kufunsa zimene ukuchita nazo manyazi. Musaipeputse ntchito imeneyi. Lipoti la mu 2006 la akuluakulu oyang'anira zipatala za matendawa m'zigawo linanena kuti odwala kwambiri othandizidwa ndi boma ankamwalira zaka pafupifupi 25 msanga kuposa anthu ena, makamaka ndi matenda a mtima ndi shuga. Mankhwala monga olanzapine ndi clozapine amanenepetsa ndi kukweza shuga, pamene Alatino ali kale pachiopsezo chachikulu cha shuga. Mnyamata wathu anasintha mathalauza kawiri m'chaka chimodzi. Ku Chicago, Patrick Corrigan wa ku Illinois Institute of Technology anayesa operekeza a Chilatino pa odwala a Chilatino kwa chaka chimodzi, ndipo operekezedwawo ankafika kwa dokotala kwambiri kuposa anzawo osaperekezedwa.

Mtengo. Wokhala ndi Medicaid kawirikawiri salipira kanthu. Inshuwalansi za kuntchito zambiri sizilipira thandizoli. Wopanda inshuwalansi afunse kuzipatala za m'madera zimene zimalipiritsa molingana ndi zopeza za munthu, kapena ku ofesi ya thanzi la m'maganizo ya boma la deralo, chifukwa ena amalemba anthuwa ndi ndalama zina zosadutsa mu Medicaid.

Kupezeka kwake. Zigawo zambiri tsopano zimalipira ntchitoyi, koma munthu sangangoyamba yekha. Ayenera kukhala wolembetsedwa pachipatalapo, ndipo thandizoli lilembedwe m'dongosolo la chithandizo chake. Olankhula Chisipanishi ndi ochepa, ndiye kudikira kumakhalapo.

Zofunika kuti zipitirire. Mapepala a Medicaid amawunikidwanso chaka ndi chaka, kwa ena mwinanso pafupipafupi. Kalata ikafika m'Chingelezi n'kuponyedwa m'dirowa, thandizo limaduka popanda wodziwa. Sankhani wachibale mmodzi woti azitsegula makalata onse.

Zoopsa zake. Malipiro a ntchitoyi ndi otsika, choncho anthu sakhalitsa. Wathu woyamba anali bambo wodekha wa ku El Salvador, ndipo mnyamatayo anali atayamba kumuuza zakukhosi. Patatha miyezi 7 anapeza ntchito ina. Mnyamatayo anatha milungu itatu osatuluka m'chipinda. Dziwaninso kuti munthuyu ndi wantchito wa chipatala: amalemba m'faelo, ndipo akamva za kudzipha kapena kuvulaza wina amayenera kunena. Wodwala auzidwe zimenezi tsiku loyamba. Pa za mapepala, mu 2025 atolankhani a Associated Press anaulula kuti mbiri ya anthu olembetsa Medicaid inaperekedwa ku unduna woona za olowa m'dziko, ndipo zigawo zingapo, kuphatikizapo California, zinakasuma kukhoti. Banja limene lili ndi munthu wopanda mapepala lionane ndi loya wa za olowa m'dziko lisanalembetse. Safunsa anadya phula.

Njira yachitatu: Clubhouse

Inayambira ku New York. Anthu amene anatuluka m'chipatala cha Rockland State ankakumana okhaokha m'kagulu kotchedwa We Are Not Alone, ndipo mu 1948 anapeza nyumba imene inadzatchedwa Fountain House. Lero kuli nyumba zoterezi zoposa 300 m'mayiko oposa 30. M'menemo mulibe wodwala, muli mamembala. Mulibe jakisoni kapena kufunsidwa za matenda. Muli ntchito: kuphika chakudya cha masana, kuyankha foni, kulemba kanyuzipepala, kusesa, kuwerengera ndalama. Mamembala amagwira limodzi ndi antchito ochepa, ochepa mwadala kuti nyumbayo isayende popanda mamembala. Antchitowo si onse amene anadwalapo. Thandizo la odwala okhaokha pano limabwera mukusenda anyezi limodzi.

Mtengo. Umembala nthawi zambiri ndi waulere, ndipo chakudya amagulitsa motchipa kwambiri. Koma nyumba zina zimayendera ndalama za Medicaid, ndiye zimafunsa za inshuwalansi. Funsani musanamulonjeze wodwalayo. Werengeraninso ndalama ya basi ya tsiku ndi tsiku.

Kupezeka kwake. Nyumbazi n'zochepa ndipo zambiri zili m'mizinda. Amalandira a zaka 18 kupita m'mwamba, ndipo amafuna kalata ya dokotala yotsimikiza matenda. Chilankhulo cha m'nyumbamo chimatsata anthu a m'deralo. Fountain House inatsegula nthambi ku Bronx mu 2012, dera limene anthu oposa theka ndi Alatino, koma m'madera ambiri zonse zimayenda m'Chingelezi. Pitani kukaona nthawi ya chakudya cha masana, mutchere khutu kukhitchini.

Zofunika kuti zipitirire. Umembala sutha. Ungasowe miyezi n'kubwerera, ndipo ukasowa anzako amakuimbira foni. Koma phindu limabwera kwa wopita kangapo pasabata, ndiye kudzuka m'mawa kumafunika. Ngati mankhwala a usiku akumugonetsa mpaka masana, nkhani imeneyo ikambidwe ndi dokotala poyamba.

Zoopsa zake. Chokoka chachikulu cha Clubhouse ndi ntchito yoyeserera pakampani yeniyeni, ya maola ochepa, kwa miyezi 6 mpaka 9, yoti membala akalephera kubwera wantchito wa Clubhouse amakamugwirira. Koma imafuna chilolezo chogwirira ntchito. Wopanda chilolezo amaona anzake akupita, iye n'kumatsala. Wolandira ndalama ya olumala ya SSI adziwenso kuti malipiro amaichepetsa: akachotsapo madola 65 oyamba ndi kena kochepa, pa madola awiri alionse amadulapo imodzi. Kugwira ntchito kumapindulitsabe, koma kusanena malipirowo kumabweretsa ngongole. Pomaliza, banja lilibe malo enieni m'nyumbamo, ndipo amayi ena zimawapweteka kuona mwana wawo akuphikira alendo pamene kunyumba sagwira mbale.

Njira yachinayi: foni ndi malo opumirako

Apa sindichedwapo. Warmline ndi foni yoyankhidwa ndi anthu amene anadwalapo, yongocheza pamene mtima walemera koma zinthu sizinafike poipa.

Mtengo. Yaulere. Kupezeka kwake. Zimasiyana chigawo ndi chigawo. Mwachitsanzo, ya ku California imayendetsedwa ndi Mental Health Association of San Francisco. Maola a Chisipanishi amatha kukhala ochepa kuposa a Chingelezi. Zofunika kuti zipitirire. Foni yokhala ndi moto basi, ndi malo oyankhulira popanda azibale kumvetsera. Zoopsa zake. Ukaimba umapeza munthu wina ulendo uliwonse, ndiye ubwenzi sukula, ndipo foni imatha kumuzoloweza munthu kukhala m'chipinda.

Warmline si ya pangozi. Ya pangozi ndi 988, imene inayamba mu July 2022. Ukadina 2 umayankhidwa m'Chisipanishi. Moyo ukakhala pachiswe akhoza kutumiza a ambulansi kapena apolisi, ndipo banja loopa apolisi likambiranetu zimenezi kukadali bata. Kulinso nyumba zopumirako zoyendetsedwa ndi odwala okhaokha, monga Afiya ku Northampton, Massachusetts, komwe munthu amagona masiku ochepa kwaulere m'malo mothamangira kuchipatala. N'zabwino, koma n'zosowa kwambiri.

Nanga amayi aja otchedwa promotoras, oyenda m'makomo ndi m'matchalitchi kuphunzitsa za thanzi? Amadziwa khomo lililonse ndipo anthu amawakhulupirira, koma ambiri sanadwalepo matendawa ndipo maphunziro awo ambiri ndi a shuga, katemera ndi uchembere. Ndi abwino kukulozerani njira ndi kufewetsa mtima wa agogo. Musawasenzetse ntchito ya mnzake wa wodwala.

Ndani apite kuti

Ngati m'banjamo mulibe mapepala kapena inshuwalansi, yambani ndi NAMI ndi warmline, chifukwa sizifuna kulembetsa ku boma, ndipo mankhwala muzikatenga kuchipatala cholipiritsa molingana ndi zopeza.

Ngati wodwalayo wangotuluka kumene m'chipatala, akujomba kwa dokotala, kapena wayamba kunenepa ndi kumwa madzi pafupipafupi, ndipo ali ndi Medicaid, pemphani peer specialist woperekeza. Tsiku loyamba lomwelo funsani kuti akadzachoka adzalowa m'malo ndani.

Ngati ndi munthu wamkulu wolankhula Chisipanishi chokha, tsatirani kumene kuli munthu wolankhula naye, ngakhale pulogalamuyo ikhale yosatchuka. Ngati chilankhulo chake ndi Mixteco kapena Mam, funsani mabungwe a anthu a mitundu imeneyo, monga MICOP ku Oxnard, California, za womasulira woyenera.

Ngati akuopa kuonedwa ndi anthu a m'dera lake, gulu la pa Zoom la nthambi yakutali lingamutsegule pakamwa.

Ngati wodwalayo akukana zonse, musamukoke. Achibale ayambe okha kalasi ya De Familia a Familia, iye azionera kusintha kwa mawu a m'nyumba.

Ngati matenda akhazikika koma tsiku lake lilibe chochita, ndipo Chingelezi amachimva, Clubhouse ndi imene ndingasankhe. Kwathu zinatha choncho, titazungulira konseko. Amayi ake amapita kugulu la achibale madzulo amodzi pamwezi, mlamu wanga ndiye amatsegula makalata, ndipo mnyamatayo amakwera basi katatu pasabata kupita ku Clubhouse, komwe Lachinayi amaphika nyemba ndi mpunga wa anthu 30 potsatira kapepala kamene amayi ake anamulembera ndi dzanja lawo.